Mlendo wosankha ndiwo

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Wa masiku ano amadza ndi tchaja, ndipo amafunsa pamene pali soketi asanafunse za ana. Ambiri mwambiwu tinaupachika kudenga. Koma kuli kumene ukadali ndi mano: m'kati mwa miyala imene amapangira laser.

Tengani corundum, mwala wa aluminiyamu ndi okosijeni. Ukakhala wa pachibale pokhapokha ulibe mtundu, kuwala kumangodutsa osalonjeredwa. Mulowetsemo timaatomu ta chromium, tikhale pa mipando ya aluminiyamu, basi mwala uja wasanduka ruby wofiira, wonga amene amakumba pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu. Kufiirako ndi nkhani ya kadyedwe. Chromium ndi mlendo wosankha ndiwo. Mwamuyalira mitundu yonse ya kuwala, iye amangotapa kobiriwira, cha pa mananomita 550, ndi kwapepo, cha pa 400. Kofiira amakankhira uko, ndipo makombo amenewo ndi amene maso athu amaona, n'kumati mwala wokongola.

Komatu amasintha khalidwe malinga ndi nyumba. Chromium yemweyo akagonera mu beryl amasiya kobiriwira, mwala n'kukhala emerald. Inunso mukumudziwa m'bale wina amene kwa eni ndalama amatsuka mbale.

Kusiyana kwake ndi alendo athu n'kwakuti uyu akadya amabweza. Pa 16 May 1960, ku Hughes Research Laboratories ku Malibu, California, Theodore Maiman anang'animitsa nyali yamphamvu pa kandodo ka ruby wochita kupanga, wokhala ndi chromium cha m'ma 0.05 peresenti basi. Mlendo anameza, anasunga mphamvuyo kwa mamilisekondi pafupifupi 3, kenako n'kulavula kuwala kofiira kwa mananomita 694, kolunjika, kosamwazika. Laser yoyamba padziko lonse inali imeneyo. Mwininyumba aluminiyamu ntchito yake inali kugwira mipando kuti isagwedere ndi kutaya kutentha.

Mu 1964 a ku Bell Labs anabwera ndi mlendo wina, neodymium, n'kumugoneka mu mwala wotchedwa YAG. Uyu ndiye wamanyado. Chakudya chake chapamtima ndi kuwala kwa mananomita 808, ndipo mukaphonya pang'ono amangonyambita. Tsoka lake, diode yomuphikira kuwalako ikatentha, kuwala kwake kumasuntha ndi mananomita pafupifupi 0.3 pa digiri iliyonse, ndiye akatswiri amakhalira kuiziziritsa kuti bwana asanyanyale. Koma akakhuta, kalumo kaja kamatuluka: kuwala kwa 1064, kosaoneka ndi maso. Agogo akachotsedwa ng'ala, pakapita nthawi kachikopa ka kumbuyo kwa galasi loikidwa m'diso kamatha kuchita chifunga. Dokotala amakaboola ndi kuwala kumeneku pa mphindi zochepa, osacheka diso, agogo n'kubwerera kwawo akuwerenga manambala a minibasi.

Chimene akuluakulu sanatiuze ndi chiwerengero. Munthu angaganize kuti alendo akachuluka, malumo achulukanso. Ayi ndithu. Inde amameza kuwala kwambiri, koma akayandikana amayamba kupatsirana mphamvu ija, uyu kwa uyo, uyo kwa winanso, mpaka yambiri imathera m'kutenthetsa mwala. Chakudya chatha, nyumba yatentha, chotuluka n'chochepa. N'chifukwa chake mu YAG amaika neodymium pafupifupi mmodzi pa mipando 100 ya mwininyumba yttrium. Komanso iye ndi wonenepa kuposa mwini mpando, ndiye akachuluka makoma amayamba kudandaula.

Ndinayesa kuwerengera nyumba ya anthu asanu ndi mmodzi ya ku Ndirande pa mlingo umenewu. Malume onse sakukwana. Chololedwa kulowa ndi mkono umodzi, mwinanso ndi chipewa.