Mabiti Agolide Kunsi kwa Mafinga

Mmisiri amene akhala ku Chisenga, kunsi kwa mapiri a Mafinga amene atilekanitsa ndi dziko la Zambia, sayenera kugula zitsulo mwachibwana monga achitira mnzake wa ku Limbe, pakuti biti yake yoboolera ikathyoka, ina aipeza atakwera njinga kufikira ku boma la Chitipa, kapena atawoloka malire kunka ku Nakonde. Koma taonani, abale, akafika kumeneko mtima wake utengeka ndi kabokosi ka mabiti 40 onyezimira mwagolide, a mtengo wosafika wa nkhuku imodzi, naiwala mawu a makolo akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndipo pamene biti yoyamba ikumana ndi thabwa la mlombwa, ifuka utsi, nipindika modzichepetsa, nipuma ku ntchito zake zonse, mwini chitseko ali chiimire.

Golideyo ndi chikutiro chopyapyala chabe, chimene sichingapulumutse chitsulo chofewa chili m'kati. Wofuna kuboola chitsulo afunefune zilembo za HSS, wa khoma la njerwa aone kuti kunsonga kuli carbide, ndipo wa sikuludiraiva adziwe kuti PH2 ndi PZ2, ngakhale afanana nkhope, sali a mimba imodzi, pakuti wowasinthanitsa adya mutu wa sikulu, nayamba kunenera afiti.

Chotero bambo mmisiri, gulani mabiti asanu olimba a miyeso imene muigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Kabokosi kagolideko kasiyireni akulu a komiti, akaike m'kabati alendo azikaona.