Makadi a ku Japan ndi misonkhano ya kwathu

Mphwanga wa ku Lusaka akuti ife a ku Chongwe sitingawathe masewera a makadi a Yu-Gi-Oh!, amene kampani ya Konami idatulutsa ku Japan mu 1999. Akuti malamulo ake a nthawi ngovuta, ife tizingokhalira nsolo. Ndamvetsera modzichepetsa, monga ayenera kuchitira malume.

Lamulo lalikulu nali: makadi akaponyedwa motsatizana, imene yafika pomalizira ndiyo imayamba kugwira ntchito, yoyambayo idikire. Ndafunafuna povuta, sindinapaone. Msonkhano wa 9 koloko ife timafika 8 koloko, nkukhala padzuwa. Mlendo wolemekezeka amatulukira mu msewu wa Great East dzuwa litapendeka, ndipo woyamba kulankhula ndi iyeyo. Kodi a ku Japan adabwera liti kudzaonera?

Ndiye pali timakadi totchedwa token. Kadi imodzi, Scapegoat, imabala tinkhosa tinayi totere. Timawerengedwa, timadzaza malo, timatchinga mwini wake adani akabwera. Koma tikangochoka pabwalo timazimiririka, ngakhale kumanda kumene amapita makadi enieni sitifikako. Apa mphwanga anabwereza kawiri, poganiza kuti zandipitirira. Mwana waulemu! Sadziwa kuti amalume ake akhala akuwerengedwa pamisonkhano, kuwomba m'manja, kujambulidwa, nkubwerera wapansi dzina lisanalembedwe paliponse.

Choncho Loweruka tikhazikitsa gulu la masewerawa pamsika, 9 koloko. Ofuna kuyamba kuponya afike madzulo.