Kalata kwa mphwanga: yamba pa laputopu yako, cloud idikire

Johannesburg

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko ku Petauke, ndiponso kuti amayi ako ku Nyimba adzuka ndi mphamvu. Uthenga wako wa pa WhatsApp ndauwerenga wonse. Moni unali waufupi ngati wa munthu amene basi ikumusiya, koma pempho la ndalama linali lalitali, losanjidwa bwino, lokhala ndi mfundo zake. Ukufuna nditumize ndalama pa Mukuru kuti ulipire cloud, pulogalamu yako yolembera malonda a nthochi ndi nshawa ioneke padziko lonse. Yankho langa ndi ili: ndalamazo zibwera, koma osati mwezi uno, ndipo chifukwa chake si kuumira kwa amalume ako monga uyambire kulengeza kwa abale. Pulogalamu iyenera kuyamba yayenda pa laputopu yako, ndi zida zimene waika wekha, isanakwere pa makompyuta olipira. Khala pansi ndikuuze chifukwa chake, poti bando yowerengera kalatayi ndi yotchipa kuposa imene ukufuna kuwononga.

Tiyambe tagwirizana kuti cloud ndi chiyani, chifukwa amayi ako akuuza anthu kutchalitchi kuti ndi kampani imene yakulemba ntchito. Cloud ndi makompyuta a eni ake, ounjikidwa m'nyumba zikuluzikulu zozizira, amene anthu amabwereka kudzera pa intaneti n'kumalipira. Microsoft inatsegula nyumba zoterezi ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon inatsegula ku Cape Town mu April 2020, ndipo Google inafika ku Johannesburg kumayambiriro kwa 2024. Pamwamba pa izi pali makampani ngati Heroku, imene iwe wasankha, amene amati tumiza khodi yako, zoyatsa ndi kusamala seva tisiyire ife. Heroku inayamba mu 2007, Salesforce inaigula mu 2010, ndipo kwa zaka zambiri ophunzira ankaikapo mapulogalamu awo ulere. Ulerewo unatha pa 28 November 2022. Lero ngakhale malo otsikitsitsa ndi madola 5 pamwezi, ndipo database ili ndi mtengo wakewake. Amafuna khadi la kubanki, amawerengera m'madola, ndipo safunsa ngati kwacha yagona bwanji usiku wathawu. Chofunika kwambiri kuchimva n'chakuti bilu imabwera ngakhale pulogalamu yako ikungogwa. Iwowo amagulitsa malo, za kuti khodi yako ili ndi nzeru kapena ayi n'zako.

Tsono munthu wanzeru amalakwitsira pamalo pamene kulakwa n'kwaulere, ndipo malowo ndi laputopu yako. Zida zake n'zochepa. Choyamba ndi Git, imene Linus Torvalds analemba mu 2005, yosunga mbiri ya kusintha kulikonse kumene wapanga, kuti ukaononga zinthu usiku uzitha kubwerera pamene zinali bwino masana. Chachiwiri ndi polembera khodi, monga Visual Studio Code. Chachitatu ndi chinenero chimene ukulembera, kaya Python kaya Node.js. Chachinayi ndi PostgreSQL, database yosungira mayina a alimi ndi matumba amene agulitsa. Chomaliza ndi Heroku CLI, kapulogalamu kolankhulira ndi cloud kuchokera pa terminal, zenera lakuda lija limene mlongo wako amati ndi la anthu obera mabanki. Zonsezi n'zaulere. Ukaziika, n'kulemba python manage.py runserver ngati ukugwiritsa ntchito Django, utsegule browser n'kulemba 127.0.0.1:8000. Adiresi imeneyo ndi localhost, kutanthauza kompyuta imene ili pamiyendo pakoyo. Tsamba limatseguka pomwepo, ngakhale foni ilibe netiweki, ngakhale bando inatha Lachiwiri. Ulembe dzina la mlimi, mikoko ya nthochi 12, udine batani, pulogalamu ilavule zilembo zofiira zodzadza sikirini yonse. Palibe amene waona, palibe ngwee imene yatuluka. Amayi ako sapereka ndiwo kwa apongozi asanalawe mchere kukhitchini, ndiye iwe ukufuniranji kulawira pamaso pa dziko lonse, ukulipiranso madola?

Ndikudziwa chimene uyankhe poyamba, chifukwa anyamata onse amene aonera mavidiyo awiri a pa YouTube amayankha chomwecho. Uti masiku ano palibe chifukwa choika zida pa kompyuta, pali GitHub Codespaces ndi zinzake, umangotsegula browser n'kumalemba, zonse zili kale m'malo mwake. N'zoona, ndipo zidazo n'zabwino. Koma anazipanga ndi anthu amene intaneti yawo siithawa mvula ikamabwera. Chida cha mu browser chimafuna netiweki mphindi iliyonse imene ukugwira ntchito, ndipo netiweki imadalira nsanja za MTN, Airtel ndi Zamtel, zimene nazonso zimadalira magetsi, mabatire kapena dizilo. Kumbuka 2024. Chilala chinaumitsa minda mpaka boma linalengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo pofika chakumapeto kwa chakacho malaiti m'madera ambiri ankazima mpaka maola 21 patsiku. Munthu wa localhost ankatchaja laputopu pa maola ochepawo kapena pa sola, n'kumalemba mpaka batire ithe. Git imasunga ma commit onse, kutanthauza zosintha zimene wasunga, pa kompyuta yako yomweyo, ndipo intaneti imafunika pokhapokha ukamatumiza ndi git push, ntchito ya mphindi zochepa. Munthu wa browser ankangokhala, atanyamula foni m'mwamba pansi pa mtengo wa mango. Usaganize kuti ndikunyoza kwathu. Kunonso mu 2023 Eskom inatiphunzitsa kudya mgonero mumdima, ndipo phunziro lake n'limodzimodzi. Uti Starlink inafika m'Zambia mu 2023. Inafikadi, koma mbale yake ndi ndalama ya pamwezi zikuposa zimene wandipemphazi, choncho usandikumbutse.

Chodandaula chachiwiri ndi cha bando yotsitsira zidazo. Apa tiwerengere limodzi. Python ndi pafupifupi 30 MB, Visual Studio Code ndi pafupifupi 100 MB, Git siifika pamenepo. Zonse pamodzi n'zochepa kuposa mavidiyo a TikTok amene umaonera Loweruka limodzi, ndipo umatsitsa kamodzi kokha. Ukazitsitsa uzisunge pa fulashi, chifukwa mnzako wa ku Nyimba azifunanso, ndipo fulashi imakwera minibasi pa Great East Road popanda kufunsa netiweki. Chimene chimadyadi bando ndi mapaketi aang'onoang'ono amene pulogalamu imadalira, makamaka a Node.js, amene foda yake ya node_modules imanenepa osaitanidwa. Mankhwala ake ndi kusankha mapaketi ochepa ndi kulemba mavesheni ake mu requirements.txt kapena package-lock.json, m'malo mofufuta ndi kutsitsanso zonse nthawi iliyonse imene mtima wakwiya.

Chachitatu uti laputopu yako ndi yakale, yasalaula, ndipo ukayatsa imalira ngati ikufuna kunyamuka. Pamenepa ndikuvomereza mbali imodzi. Docker, imene inatuluka mu 2013 ndipo aliyense amaitama, ndi yolemera pa Windows, kutsitsa kwake ndi mazana angapo a MB, ndipo pa makina a 4 GB ya RAM idzakuphunzitsa kupemphera. Koma woyamba kumene safunika Docker. Python ndi virtual environment yake zimayenda bwinobwino pa makina akale. Windows ikakhala kuti yalemetsa, pali Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa kuno ku South Africa anayambitsa mu 2004, ndipo ili ndi abale ake opepuka, Xubuntu ndi Lubuntu. Palinso phindu lachiwiri, chifukwa maseva a Heroku amayenda pa Linux ya mtundu wa Ubuntu womwewo, ndiye kuti ukuphunzira pa chinthu chofanana ndi chimene ukachipeze kumeneko.

Chodandaula chachinayi ndicho chili ndi mano, ndipo sindichipeputsa. Uti pulogalamu ikhoza kuyenda pa laputopu koma n'kukagwa pa cloud, ndiye kuyesera kunyumba kwathandiza chiyani? Zimachitikadi, ndipo padziko lonse palibe wolemba mapulogalamu amene sananenepo kuti koma kwanga zimayenda. Koma taona zimene zimagwetsa. Wina amayesera ndi SQLite, database imene ndi fayilo imodzi, osadziwa kuti Heroku imayatsanso makina ake pafupifupi tsiku lililonse ndi kufufuta mafayilo onse amene analembedwa pamenepo. M'mawa kukacha, nkhani ya ngongole ya alimi onse yapita, ndipo amene ali ndi ngongolewo ndi okhawo amene adzakutame. Wina amakhomerera nambala ya port m'khodi, pamene cloud imapereka yake kudzera mu PORT. Wina ali ndi vesheni ina ya Python kunyumba, ina kumwamba. Zonsezi gwero lake n'limodzi: kunyumba sikukufanana ndi kumene pulogalamu ikupita. Adam Wiggins, mmodzi mwa oyambitsa Heroku, analemba malangizo otchedwa The Twelve-Factor App mu 2011, ndipo limodzi mwa iwo limanena zomwezi, kuti malo oyesera ndi malo enieni azifanana momwe kungathekere. Choncho ika PostgreSQL pa laputopu, lemba Procfile, kafayilo ka mzere umodzi kouza makina mmene ayatsire pulogalamu, ndipo uyese ndi heroku local, lamulo limene limawerenga Procfile yomweyo pa kompyuta yako. Dandaulo lakolo likutiuza kuti zida za kunyumba ziikidwe mosamala, ndipo ndi zimene ndikunena kuyambira pamwamba.

Pali chinthu china chimene umachiphunzira bwino pa localhost: kubisa makiyi. Mapasiwedi a database ndi makiyi a mobile money salembedwa m'khodi. Amakhala mu fayilo yotchedwa .env, ndipo dzina la fayiloyo umalilemba mu .gitignore kuti Git isaitenge. Ukaiwala mzere umodziwo n'kukankhira khodi pa GitHub poyera, pali mapulogalamu a akuba amene amasesa malowo usana ndi usiku kufunafuna makiyi, ndipo akapeza a cloud amayatsa makina ambirimbiri m'dzina lako kuti akumbe ndalama za crypto. Bilu imapita kwa mwini khadi, ndipo m'nkhani inoyi mwini khadi ndi ine. Safunsa anadya phula, koma ine ndafunsa. Kumbukanso kuti mayina ndi manambala a foni a alimi si zoseweretsa, Zambia ili ndi Data Protection Act ya 2021. Poyesera ugwiritse ntchito mayina opeka, osati a m'buku la kopaletivu ya alimi.

Ndimalize ndi mfundo imene unaibisa kumapeto kwa uthenga wako, yoti mwina ndi bwino ungobwera kuno ku Joni, pafupi ndi maseva. Mphwanga, seva silandira alendo. Ukafika pa Park Station n'kupita ku nyumba za makompyuta zija, udzapeza mpanda, makamera ndi mlonda amene sadziwa Git. Komanso makina wamba a Heroku ali ku America ndi ku Ulaya, ndiye kuti ukakhala pa Hillbrow uli kutali nawo chimodzimodzi ndi munthu wokhala pafupi ndi Kalindawalo General Hospital ku Petauke, kusiyana kwake n'kwakuti iweyo ukulipira lendi m'ma rand ndi kuthamangira mapepala. Mbiri nayo ikuvomereza. EC2 ya Amazon, imene inatuluka mu 2006 n'kukhala tsinde la cloud yonseyi, inalembedwa kwakukulu ndi kagulu ka anthu ku Cape Town motsogozedwa ndi Chris Pinkham, pamene likulu la kampaniyo lili ku Seattle, kutsidya kwa nyanja. Ngati ukusowa anzako okambirana nawo, BongoHive, malo okumanirana anthu a tekinoloje, ili ku Lusaka kuyambira 2011, ulendo wa basi wa tsiku limodzi kuwoloka mlatho wa Luangwa, wopanda pasipoti.

Tsono tipangane chonchi. Ika zida zija. Pulogalamu iyende pa localhost ndi PostgreSQL, ilandire malonda a mlimi, iwerengere ndalama molondola, ndipo ukazimitsa laputopu n'kuyatsanso manambala akhale alipobe. Uipereke kwa amayi ako aiyese, chifukwa munthu amene wagulitsa nthochi pamsewu wa Nyimba zaka zonsezi adzaona kulakwa kwa masamu msanga kuposa makina alionse. Kenako unditumizire chithunzi cha git log, ndione ma commit a masabata angapo okhala ndi mawu omveka, osati amodzi olembedwa kuti final, otsatiridwa ndi final2. Ndikaona zimenezo ndilipira miyezi itatu yoyamba, ndipo git push heroku main udzalemba wekha. Mwezi wachinayi alipire ndi a kopaletivu, chifukwa pulogalamu imene alimi akuifunadi sangaumire madola ochepawo, ndipo akaumira ndiye kuti taphunzira kanthu pamtengo wotsika.

Upereke moni kwa agogo ako, kwa alongo ako ndi kwa onse a pamudzi. Uwauze amayi ako kuti nkhani ya malata sindinaiiwale, ndipo imeneyo siidikira git log.

Ndine amalume ako,
ku Joni