Kadzenje n'kakang'ono koma kanameza mabanki

Gofu ndi masewera okhawo amene bambo wamkulu, wa mimba yake ndi maudindo ake, amalipira ndalama zambiri kuti ataye kampira kenaka n'kuyamba kukafunafuna. Zinthu zikamayenda bwino amatuma mnyamata kuti akafune. Zikavuta amalowa yekha m'tchire. Za kutchirezo tifikako. Tiyambe ndi a ku Japan, chifukwa kumeneko misala ya gofu inafika posauzana.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndalama ku Japan zinkachita kusefukira, mabanki n'kumanyengerera anthu kuti abwere adzakongole. Chikalata cha umembala wa kalabu ya gofu chinasanduka katundu, chokhala ndi madobadoba akeake, ndipo nyuzipepala ya Nikkei inkatsatira mitengo yake ngati mmene alimi amatcherera khutu ku mitengo ya fodya ku okushoni. Ku Koganei Country Club, mu Tokyo, chikalata chimodzi chinafika cha m'ma yen 400 miliyoni. Ena mwa ogula zikalata zotere ndodo ya gofu sankaidziwa kogwira. Ankangotenga pepalalo n'kukalisiya kubanki ngati chikole, n'kukongola ndalama zogulira pepala lina. Udzu wa pabwalopo ankauonera pachithunzi.

Ndiye kunatulukira mkulu wina, Ken Mizuno. Iyeyu analengeza kuti kalabu yake, Ibaraki Country Club, idzakhala ya anthu osankhika, osakwana 3,000. Anthu anakhamukirako, poti ndani safuna kukhala wosankhika? Nkhani itaphulika mu 1991 kunapezeka kuti osankhikawo ndi oposa 50,000. Kondakitala wa minibasi amene amakuwa kuti "tasunthani amayi, mpando uwo ngwa anthu anayi" ndi mwana wa dzulo pamaso pa a Mizuno. Ndinayesa kuwerengetsera pachikuto cha kope: bwalo litati lizilandira anthu 200 patsiku, membala aliyense akanamasewera kamodzi pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo tsikulo kukagwa mvula ndiye kuti tionana chaka chamawa. Zina mwa ndalamazo zinakathera pajuga ku Las Vegas. Kumeneko mwiniwake sankaima pamzere.

Wina, Minoru Isutani, anaoloka nyanja mu 1990 n'kukagula Pebble Beach ku California, bwalo lotchuka la m'mphepete mwa nyanja, pamtengo wa madola oposa 800 miliyoni. Mu 1992 analigulitsa pa madola pafupifupi 500 miliyoni. Mayi wogulitsa tomato atagula dengu m'mawa n'kuligulitsa madzulo moluza chonchi, abale angakhale pansi n'kukambirana zopita naye kwa sing'anga.

Chimene chinapha makalabu ambiri chinali chobisika m'malemba ang'onoang'ono. Ndalama zimene membala ankapereka polowa zinali zosungitsa, zoti adzabwezeredwe pakatha zaka zingapo, kawirikawiri khumi. Pamene mitengo inkakwera palibe ankazifuna, poti pepalalo ukanaligulitsa pamsika mokwera kuposa zimene unasungitsa. Mitengo itagwa, onse anakumbukira tsiku limodzi kuti ali ndi ndalama kukalabu. Mwaonapo banki mkhonde ikamagawana mu December, msungichuma atazimitsa foni? Zinali zomwezo, kungoti anthu ake anali ovala masuti ndipo ankaweramirana mwaulemu asanakasumirane. Ndalama zija zinali zitasanduka maiwe okumba, kapinga ndi nyumba zodyeramo za miyala yonyezimira. Makalabu anagwa motsatizana, ndipo makampani a ku America, Goldman Sachs ndi Lone Star, anabwera n'kumatola mabwalowo pamtengo wa bonya. Zipata zimene kale zinkatsegukira mabwana okhaokha zinayamba kumwetulira aliyense wobwera ndi kangachepe.

Ku Japan komweko, ukamenya kampira kamodzi kokha n'kulowa m'dzenje, mwambo umati ugulire anzako mphatso ndi kuwakonzera phwando. Zimalowa m'thumba moti makampani amagulitsa inshuwalansi yake. Tangoganizani munthu amene malipiro ake adulidwa, inshuwalansi sanalipire, akuona kampira kake kakugubuduka molunjika dzenje, iye mumtima akupemphera kuti kakhote.

Mabwalo ena anangosiyidwa. Koma malo otambalala, opanda mitengo yambiri, owombedwa dzuwa tsiku lonse, sasowa ntchito. Mu 2015 kampani ya Kyocera inalengeza kuti iyala masola pabwalo la gofu losiyidwa ku Kyoto. Malo amene ankawotcha ndalama ayamba kuwiritsa mpunga.

Tsopano kutchire kuja. Ine gofu ndinailawako kamodzi kuno kwathu, mnzanga atandikokera kukalabu ina nthawi imene kwacha inali itangogwa kumene ndipo mafuta akusowa. Udzu unali utafika m'maondo m'mbali monse, poti thirakitala yotchetchera nayo inkadikira dizilo. Pamene panayenera kukhala pobiriwira panali pofiirira ngati bwalo la sukulu mu October. Kadi amene anandinyamulira chikwama, wa zaka ngati makumi awiri, nsapato imodzi yomanga ndi waya, anati iye za chuma cha dziko samvera pawailesi.

"Timaonera mabwana, bwana. Kale kampira kakalowa m'tchire ankangoti kasiye, n'kutulutsa kena. Ife madzulo n'kukatola, mawa n'kuwagulitsa omwewo. Pano amavula chipewa, kupinda buluku, kulowa okha. Wina dzana anatuluka ndi timipira titatu ndi chitedze thupi lonse."

Ndinaseka kwambiri, ndipo ndikuseka choncho ndinamenya kampira kobwereka. Kanauluka bwino ndithu, koma kolowera kwake. Ndinayang'ana tchire, ndinayang'ana mnzanga mwini kampira, amene anali atayamba kale kunditchulira mtengo wake. Ndinapinda buluku.

Kadi uja anakhala pansi pamthunzi, n'kutsamira chikwama.

"Chakumanzereko musapiteko, bwana. Kuli a manijala a kalabu, akufuna kawo."