Ulemerero wa Khitchini Yopanda Moto

Mwa zinthu zonse zimene anthu a m'mizinda yolemera atulukira pofuna kukonza moyo wawo, palibe choyenera ulemu kuposa lesitilanti yogulitsa zakudya zosaphika zochokera ku zomera zokhazokha, imene imapezeka m'mizinda monga Los Angeles, New York ndi London. Malo otere amatsata malamulo awiri okhwima. Loyamba ndi lokana nyama, nsomba, mazira, mkaka ngakhalenso uchi, monga mwa chiphunzitso cha bungwe la Vegan Society limene Donald Watson ndi anzake anakhazikitsa ku Britain mu 1944, ndipo lachiwiri ndi lakuti chakudya chisatenthetsedwe kupyola madigiri 48 pa sikelo ya Celsius, kumene ndi kutentha kosafika ndi theka lomwe la kumene madzi amawirira. Luso la eni malowa lagona poti anachotsa pa ntchito yophika chinthu chimene mibadwo yonse inkayesa kuti ndicho mwini ntchitoyo, kenaka nakweza mtengo wa mbale chifukwa cha kuchotsako.

Nzeruyi ili ndi makolo ake odziwika. Cha m'ma 1900 dokotala wa ku Zurich, Maximilian Bircher-Benner, ankaphunzitsa kuti zipatso ndi masamba osaphika zimasunga mphamvu ya dzuwa imene moto umawononga, ndipo patapita zaka zambiri Edward Howell wa ku America anafalitsa ganizo lakuti kuphika kumapha ma enzyme, tinthu ta m'gulu la mapuloteni timene timafulumizitsa kugayika kwa zakudya. Akatswiri a za thupi amayankha kuti thupi limapanga lokha ma enzyme ake, ndiponso kuti a m'chakudya akafika mu asidi wa m'mimba ambiri amaphwanyika ngati puloteni ina iliyonse, koma chikhulupiriro chimene chingagwedezeke ndi umboni wochepa chonchi sichikanayenera kutamandidwa poyamba pomwe.

Ukulu weniweni wa malowa umaonekera kukhitchini, kumene m'malo mwa mbaula muli makina oumitsira zakudya, bokosi lokhala ndi timathireyi timene timapemereredwa mpweya wofunda usiku wonse, kufikira phala la njere litauma n'kusanduka chinthu chimene pa mndandanda wa zakudya chimalembedwa kuti buledi. Zukini, amene ndi mtundu wa maungu aang'ono obiriwira, amapalidwa kukhala tizingwe n'kupatsidwa dzina la supageti, pamene mtedza wa kashu umanyikidwa m'madzi, kuperedwa ndi makina, kuthiridwa madzi a mandimu, kenaka n'kuvekedwa udindo wa tchizi. Choncho chakudya chilichonse chimafika patebulo chili ndi dzina la chakudya china chimene wodyayo akuchilakalaka koma sachipeza, ndipo chimafika chozizira, mochedwa, kuti wodikirayo aphunzire kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudzichepetsa kwa khitchiniyi n'kotamandikanso, pakuti sidzitama ndi moto umene imadalira mwamseri. Kashu wogulitsidwa ngati wosaphika nthawi zambiri amakhala atafutsidwa kale ndi nthunzi, popeza chigoba chake chili ndi mafuta owotcha khungu, ndipo kuyambira mu 2007 lamulo limafuna kuti mtedza wa almond wolimidwa ku California uphedwe tizilombo toyambitsa matenda usanagulitsidwe m'dziko la America, ntchito imene kawirikawiri imachitikanso ndi nthunzi. Moto sunathetsedwe ayi, koma unangosamutsidwira kufakitale kumene wodya sangakhumudwe nawo.

Phindu limene wodya amapeza ndi la makhalidwe kuposa la m'mimba. Katswiri wa pa yunivesite ya Harvard, Richard Wrangham, analemba m'buku lake la mu 2009 lotchedwa Catching Fire kuti kuphika ndiko kunamasula makolo a anthu ku ntchito yotafuna, imene anyani a mtundu wa chimpanzi amathera nayo maola pafupifupi 6 pa tsiku pamene munthu safika ndi ola limodzi. Lesitilanti ya zosaphika imabwezera munthu cholowa chotayikacho, moti nsagwada zimene zinachita ulesi kwa zaka zikwizikwi zimapezanso ntchito pa tsamba lolimba la ndiwo zotchedwa kale ndi karoti wokukuta. Pa tebulo lotere sipamveka miseche kapena mikangano ya ndale, chifukwa pakamwa potanganidwa chonchi palibe mpata wa mawu, ndipo mlendo wochokera kumene kupatsa munthu nsima yosapsa kumatengedwa ngati chipongwe amaphunzira kuthokoza ndi kulipira chimene kwawo akanachibweza.

Ngakhale thupi limapatsidwa mwayi wosonyeza kupirira. Kafukufuku wa ku Giessen, m'dziko la Germany, wofalitsidwa mu 1999, anapeza kuti anthu okhalitsa pa zakudya zosaphika anatsika thupi ndi makilogalamu pafupifupi 10 kwa amuna ndi 12 kwa akazi, ndiponso kuti pafupifupi mkazi mmodzi mwa atatu osafika zaka 45 anasiya kusamba mwadongosolo kapena kusiyiratu. Vitamini B12, wofunika pa magazi ndi mitsempha, sapezeka modalirika m'zomera, motero wokhulupirika amamumwa m'mapiritsi opangidwa kufakitale, uku akudzudzula zakudya zopangidwa kufakitale. Ophikawo, ngati dzinalo likuwayenera, ali ndi nzeru zosaika pa mndandanda wawo nyemba zofiira zosaphika, zimene zili ndi poizoni wosanzitsa amene amatha ndi kuwiritsa, ndipo kusankha kumeneku ndi ulemu waukulu umene mdani angapereke kwa moto.

Koma chachikulu kuposa zonse ndi kuwolowa manja kwa malowa, pakuti mabizinesi ena amafuna kuti kasitomala asapitenso kwina, pamene lesitilanti iyi imam'tulutsa m'thumba mutapepuka, m'mimba muli malo, ndipo pakangotha ola limodzi njala imam'londolera kwa wogulitsa tchipisi kapena buledi wotentha wa mumsewu womwewo. Eni mabekale ndi okazinga onse oyandikana nawo ayenera kupempherera lesitilantiyi kuti ikhalitse, chifukwa palibe mlaliki amene anatembenuzirapo anthu ambiri ku chikondi cha chakudya chakupsa kuposa iye amene amawagulitsa chosapsa pa mtengo wowirikiza.