M'bala mulibe mwana, muli wotumidwa

Pakhomo pa bala yodzilemekeza, kaya ku Bwandilo ku Lilongwe kaya pa Kamba ku Blantyre, sipalephera chikwangwani choti osakwana zaka 18 asalowe. Chikwangwanichi chimagwira ntchito usana ndi usiku, makamaka yobisa mng'alu wa pakhoma.

Lamulo ndi lomveka bwino. Mowa sugulitsidwa kwa mwana, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Kungoti m'bala mwana saoneka ndi maso.

Kamnyamata ka Sitandade 6 kakalowa ndi thireyi ya mazira owiritsa, anthu amaona "wamazira". Kakalowa ndi mabotolo atatu m'jumbo, amaona "wotumidwa", ndipo wogulitsa amakafunsa mwaulemu wonse: "Adadi ati yozizira?" Adadiwo ali pakhonde kunyumba, akuuza anzawo a bawo kuti ana a masiku ano aonongeka ndi mafoni.

Kukada, nkhani imasamukira pachitseko cha kalabu, pomwe pamaima bauncha wa chifuwa chodzadza khomo.

"Iwe, uli ndi zaka zingati?"

"18, biggie."

"Unabadwa chaka chanji?"

"Zimenezo amasunga ndi amayi."

"Chiphaso cha unzika?"

Mnyamata uja amapisa m'thumba n'kutulutsa chiphaso chopindapinda, chokhala ndi nkhope ya John Chilembwe ndi nambala 2000. Bauncha amachiunika ndi tochi ya pafoni, n'kugwedeza mutu. Chilembwe ndi munthu wakalekale. Zaka zake zikukwanira anthu awiri. Akabwera ndi Kamuzu wa pa K5,000, amalowa ndi mnzake yemwe.

M'katimo mumakhala ulemu wosasimbika. Mwana wa Folomu 3 akakumanizana maso ndi aphunzitsi ake pakauntala, onse awiri amayamba kuwerenga mitengo ya mowa pakhoma. Akakumana ndi amalume, omwe anatsanzika kuti akupita kumaliro ku Ntcheu, amangoti, "Pepani ndi zovutazi, amalume," ndipo Fanta imabwera yokha.

Komabe tisanamizire eni mabala kuti satsata lamulo. Mphekesera zikamveka kuti apolisi akuzungulira, pamafunika wina wopereka chitsanzo. Bauncha amayang'anayang'ana mpaka kupeza bambo wamfupi, wopanda ndevu, yemwe wakhala ndi botolo limodzi kuyambira 7 koloko.

"Tuluka, mwana iwe!"

"Akulu, ndili ndi ana anayi ine!"

"Ndiye mawa udzatume wamkuluyo."