Mabuku a pa thumba la feteleza

Minibasi ya ku Mzuzu inali isanadzaze, ndiye ndinakhala pa benchi pa depoti ya Rumphi, pafupi ndi mnyamata wogulitsa mabuku akale. Anali atawayala pa thumba la feteleza, timiyala pamwamba kuti mphepo isawaulutse. Wakabaza wina anaima, phazi limodzi pansi.

"Koma zimagulidwa izi, achimwene? Buku silikhutitsa."

Mdala amene ankasenda nthochi pambali panga anadzutsa mutu. "Mwana wanga, Legson Kayira unamumvapo?"

"Ayi, adada."

Mdala uja anaika nthochi pa bondo. Anati Kayira anali mwana wosauka wa ku Chitipa, ndipo sekondale anaphunzira ku Livingstonia, pa Khondowe, m'boma lomwe lino. Kumeneko anawerenga za Abraham Lincoln ndi za Booker T. Washington, amene anabadwa kapolo nadzakhala mphunzitsi wodziwika. Zinamulowa mpaka tulo kusowa. Mu Okutobala 1958 ananyamuka wapansi, mapazi opanda nsapato, ati akupita ku America kukaphunzira. Katundu wake anali kankhwangwa, bulangete, Baibulo ndi buku la John Bunyan, The Pilgrim's Progress.

"Wapansi? Ku America?"

"Mpaka ku Kampala, akugwira maganyu m'njira. M'laibulale ya kumeneko anapeza dzina la Skagit Valley College, nalemba kalata, iwo namulandira. Anapitirira mpaka ku Khartoum, ndipo mu 1960 anakwera ndege. Pambuyo pake anakafika ndi ku Cambridge."

Ine nkhaniyi ndinkaidziwa, pakuti Kayira anailemba yekha mu I Will Try, buku la mu 1965. Koma kuimvera pano, Khondowe ali kuseri kwa mapiri omwewa, kunandigwira mtima mwa njira ina. Ndipo zinandipweteka kuti mwana wa ku Rumphi afike pomera ndevu osamva dzina la munthu ameneyu. Mlanduwo si wake. Ndi wathu amene tinawerenga n'kukhala chete.

Wakabaza anatsamiritsa njinga pa mtengo, nanjuta. Anatola kabuku kothothoka chikuto, komatidwa ndi selotepi kumsana, n'kuyamba kuwerenga tsamba loyamba, chala chikutsata mzere, milomo ikugwedera. Mayi wina wa dengu la tomato anamuitana kawiri konse.

Anadzuka monyinyirika, nabwezera kamwala pamalo pake. "Achimwene, aka musagulitse. Ndibwera madzulo."